Injiniya Dyton ndi Matabuleti a Sitandade 3

Pulani yonse inabadwira pa shabini ya Mayi Bernadetta, kuseri kwa depoti ya maminibasi pa Liwonde, Lachiwiri masana dzuwa lili paliwombo. Nthawi imeneyo anthu enieni amakhala ali kumunda kapena pamsika. Koma amuna atatu awa, akuluakulu a ndevu zawo, anali atatambalala pa benchi akupatsirana kapu imodzi ya kachasu. Amuna olimbikira tikuwaika m'manda chaka ndi chaka, otsala n'kukhala awa.

Mkulu wa gululo anali Dyton. Ankafuna kuti azitchedwa Injiniya chifukwa chaka china anagwirirapo makwerero anthu oika mawaya a magetsi pa Ulongwe. Anagwira masiku atatu okha, n'kumuthamangitsa pulayazi itasowa, koma dzinalo anatsala nalo. Wachiwiri anali Blasius wa kabaza, amene anzake ankamutcha Mabuleki chifukwa njinga yake yamoto inkaima ndi chidendene. Wachitatu anali Clever, dzina lomwe makolo ake anangolitaya pachabe. Iyeyu ankadziwika kuti Netiweki, poti nthawi zonse ankakhala atakweza m'mwamba kafoni kake kosweka galasi, ndipo ankati za makina palibe chomwe sadziwa.

Dyton anali ndi chifukwa chosafunira kulakwitsa ulendo uno. Ankakhala chikamwini kwa mkazi wake Malita pa Ulongwe, mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ndipo anali atalowapo kale kundende kawiri, koyamba za mbuzi, kachiwiri za batire la galimoto. Atatuluka kachiwiriko Malita anamuuza pamaso pa ankhoswe kuti kachitatu kulibe. Akadzangomva kuti wagwidwanso, banja latha, achoke pamudzi pawo. Kwawo kwa Dyton kunalibe ngakhale chisakasa choti n'kubisalamo mvula. Munthu wanzeru akanasiya kuba. Dyton anangoganiza zoti azibano mwaulemu.

Anauza anzakewo kuti cha ku Rivirivi kuli sukulu ya pulayimale yomwe bungwe lina linaipatsa matabuleti makumi awiri, ndipo wogula ali kale pa Balaka, akungodikira. Mabuleki anafunsa za mlonda. Dyton anati mlonda ndi agalu ake ndi nkhani ya anthu othyola zitseko, iwo sathyola kanthu. Apita m'mawa ana ali m'kalasi, atavala majekete achikasu onyezimira aja, kalata ili kumanja, n'kunena kuti atumidwa ndi bungwe kudzatenga matabuleti kuti akaikidwe zatsopano. Lachinayi ahedi amakhala ali ku msonkhano, zimenezo anali atafufuza kale.

"Aise, mphunzitsi akaona jekete lonyezimira ndi chidindo amapereka ngakhale nsapato zake," anatero Dyton. "Dilu iyi ndi yaukhondo. Tilowa ngati mabwana, tituluka akutithokoza."

Netiweki analonjeza kalata ndi chidindo. Mabuleki analonjeza mafuta. Anaitanitsa kapu ina, aliyense akuyang'ana kumbali kuti alipire mnzake.

Lachinayi lake anafika pasukulupo atapanikizana atatu pa njinga imodzi, majekete akuwala ngati akukakonza msewu. Njinga anaiimika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa zimbudzi. Chapatali makolo ankaumba njerwa za kalasi yatsopano, matope mpaka m'mawondo. Dyton anawakwezera dzanja ngati phungu, iwo n'kumukwezeranso.

Amene anawalandira anali Madamu Fauziya a Sitandade 3, mayi wamfupi wovala hijabu yobiriwira, choko chili mbuu m'manja. Anawerenga kalatayo mpaka pansi. Chidindo chake Netiweki anachisema pa patapata wakale, ndipo papepalapo chinkaoneka ngati papondedwa ndi bakha. Madamu anayang'ana chidindo, anayang'ana nsapato za Mabuleki zomangidwa ndi waya, n'kumwetulira. Dyton ataona kumwetulirako anati mumtima, walowa m'thumba uyu.

Chitsiru. Wokonza matabuleti wa bungwelo anali mtsikana, Tasha, ndipo anali atabwera sabata yatha yomweyo. Tasha sankachoka ndi tabuleti ngakhale imodzi, ankakonzera pomwepo. Madamu Fauziya anadziwa zonse asanamalize mzere wachiwiri wa kalata. Koma munthu wamkazi mmodzi, ana makumi asanu ndi limodzi, amuna atatu osawadziwa, sukuwa kuti akuba. Anangoti alendo afika bwino, koma phunziro lili mkati ndipo matabuleti sachotsedwa m'manja mwa ana phunziro lisanathe. Poti iwo ndi akatswiri, alowe ayese tabuleti imodzi monga amachitira anzawo onse akabwera. Ali mkati molankhula, chala chawo chinali chikulemba uthenga pafoni kupita kwa apampando a komiti ya sukulu, amene anali pa njerwa paja.

M'kalasimo ana anali atakhala pansi m'magulu a anayianayi, tabuleti ili pakati ngati mbale. Dyton ankayembekeza phokoso la pamsika, koma ana anali akunong'onezana, mitu itagundana. Madamu anafotokoza kuti pano palibe mwana amene ali ndi tabuleti yakeyake. Sewero la tsikulo linali lowolotsa bwato lodzaza matumba a chimanga pa mtsinje. Mmodzi amapalasa kumanzere podina mbali yake, wina kumanja, wachitatu amakapa madzi olowa m'bwato, ndipo wachinayi sagwira kanthu, amangowerengera anzake kuti adinire limodzi. Mukapanda kugwirizana, bwato limazungulira pamodzimodzi mpaka mvuu imabwera n'kuligubuduza.

Anawapatsa tabuleti nambala seveni ndi malo pakona. Amuna atatu anakhala pansi, mawondo m'makutu. Madamu anati poti ali atatu, wowerengera awabwereke kwa ana. Dyton anakana. Anati injiniya sawerengeredwa ndi mwana.

Anayamba. Dyton anatenga kumanja, Mabuleki kumanzere, Netiweki kukapa madzi. Mabuleki anali atanena kale kuti agogo ake anali asodzi a ku Chiuta, ndiye zopalasa zili m'magazi. Anadina ngati akupha nsikidzi. Dyton ataona kuti mnzake akumuposa anadinanso mwaliwiro, kenako anakankha chala cha Mabuleki kuti adine mbali zonse yekha. Netiweki anasiya kukapa n'kumalangiza. Bwato linazungulira katatu, mvuu inatulutsa mutu, inayasamula, matumba onse phava m'madzi. Ndiye tabuleti ija inalira kanyimbo kachisoni komwe kalasi yonse inkakadziwa.

Ana anacheuka. Ena anagwira pakamwa. Gulu loyandikana nawo linali litawoloka kale kawiri.

Dyton anaitana Madamu. Anati tabuleti iyi ndi imene ili ndi vuto, n'chifukwa chake abwera. Madamu anavomereza mwaulemu n'kuwasinthira ina. Mvuu inawagubuduzanso, ulendo uno asanachoke n'komwe pagombe.

Mtsogoleri wa gulu loyandikanalo anali kamtsikana ka mano otuluka kumene, dzina lake Nasra. Anawayang'ana mpaka chifundo chinamugwira. Anagwada monga amachitira mwana kwa akulu n'kunena kuti, "Ankolo, musamapikisane. Bwatoli ndi limodzi. Wina akachedwa mumudikire."

Dyton akanatukwanidwa ndi wapolisi zikanamupweteka pang'ono. Dyton anamuuza mwanayo kuti ayang'ane zake. Anavula jekete lonyezimira, analiika pambali, anapukuta chala pa buluku. Mabuleki anamunong'oneza kuti nthawi ikupita, angotolera katundu azipita. Dyton anayankha kuti sachoka pamalopo mvuu imeneyi isanamudziwe kuti iye ndi ndani.

Tangoganizani. Munthu wabwera kudzaba, banja lake lili pa ulusi, koma wakhala pansi pa simenti akulimbana ndi mvuu yojambula. Anamira kachitatu. Anamira kachisanu. Anasinthana mbali, anamira. Ulendo wina anafika pakati penipeni pa mtsinje, ana a magulu awiri anasiya zawo n'kuyamba kuwawerengera mokweza, koma Netiweki anasangalala msanga, anakweza manja m'mwamba, madzi n'kudzaza bwato. Dyton anamumenya mbama ya pankhongo pamaso pa ana. Pa zenera panali patayamba kuoneka mitu ya anthu amatope, koma iye ankati abwera kudzaonerera akatswiri.

Kenako Madamu anaomba m'manja kuti nthawi yopalasa yatha. Matabuleti onse anasintha nthawi imodzi. Panaoneka chithunzi cha pakamwa ndi kadontho kofiira kakuphethira. M'kalasi imeneyi sewero likatha, gulu lililonse limakambirana lokha zomwe lachita bwino ndi zomwe lalakwitsa, tabuleti n'kumajambula mawu, kenako kalasi yonse imamvetsera. Mwana aliyense wa Sitandade 3 ankadziwa zimenezo, ndipo Madamu anazinenanso momveka. Koma atatuwa sanamve, anali otanganidwa kulozana zala. Mabuleki anafunsa za kadontho kofiirako. Netiweki anakayang'ana mwaukatswiri n'kunena kuti ndi batire, likutha.

Ndiye anaweramira pa tabuletipo, milomo pafupi penipeni kuti ana asamve, n'kukhuthulirana zonse za kumtima.

Patapita kanthawi Madamu anatolera matabuleti, n'kuyamba kuwalumikiza imodziimodzi ku kasipika ka patebulo. Dyton anavalanso jekete, akuganiza kuti tsopano akuwalongedzera. Pakhomo panali pataima a Abdulrazak, apampando a komiti, chikombole cha njerwa chili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali amayi ndi abambo osachepera khumi. Madamu anati makolo amakonda kumva ana awo akukambirana, alowe ndithu.

Linayamba gulu la Nasra. Timawu tating'ono tinamveka tikunena kuti Shukuru amachedwa kudina chifukwa chala chake chili ndi bala, ndiye anamupatsa ntchito yowerengera, ndipo mawa adzasinthananso. Makolo anaomba m'manja. Linabwera gulu lina, kenako lina. Dyton anayasamula.

"Tsopano timve gulu la alendo athu," anatero Madamu Fauziya.

Sipika inakhosomola, kenako panatuluka mawu a Mabuleki, okweza ngati ali pa msonkhano wachipani: "Iwe Dyton, tabwera kudzaba kapena kudzasewera? Wogula uja pa Balaka adikira mpaka liti?"

Kenako a Dyton: "Tiba, aise, tiba. Kamayi aka kapusa kale, kakhulupirira chidindo cha patapata. Koma tiwoloke kaye. Ndiwe ukupalasa chobwerera."

A Netiweki: "Ine pa makumi awiriwo anga ndi asanu ndi atatu. Chidindo ndasema ndine."

A Dyton kachiwiri: "Khala chete, Clever. Ndipo wina asadzayerekeze kuuza Malita. Iye akudziwa kuti ndapita kukafuna ganyu ku baraji ya pa Liwonde. Mkazi uja mutu wake ndi tomato basi."

Kamwana kena kumbuyo kanafunsa Madamu ngati gulu limenelinso aliombere m'manja.

Dyton anayesa kuseka. Anati amenewo ndi mawu oyesera makina, akatswiri onse amatero. A Abdulrazak anaika chikombole pansi pang'onopang'ono. Apo Mabuleki anadumphira pa zenera, Netiweki anadutsa pakati pa miyendo ya mayi wina, ndipo Dyton, poona kuti anzake apita, anatulukira pa zenera lina n'kusiya theka la jekete pa chitsulo.

Kuthamanga ankatha, zimenezo tisawanamizire. Anafika pa mtengo wa mango makolo akadali kuzungulira kalasi. Akanangokwera njinga, bwenzi nkhaniyi ili ina. Mabuleki anakhala pa chishalo n'kutambasula dzanja kuti Dyton amupatse kiyi, poti Dyton anamulanda kiyiyo atangofika, ati mtsogoleri ndiye amasunga. Zoona zake ankaopa kuti Mabuleki angathawe ndi katundu. Dyton anati ayendetsa yekha, anamukankha pa chishalo n'kukhalapo iye, analowetsa kiyi, anaponda. Njinga inangoti fwe. Anapondanso. Fwe.

Mabuleki anaulula kuti pulagi ya injini ili m'thumba mwake. Anaizula pomwe Dyton analanda kiyi, kuti naye asasiyidwe. Koma anati saibweza pokhapokha Dyton atsike pa chiwongolero. Dyton anati abweze kaye pulagi. Ali mkati mokokana, Netiweki ananena chapansipansi kuti ngakhale aibweze njinga siyenda, chifukwa iye anatsalira m'mbuyo muja ngati akukataya madzi, n'kukhuthulira mafuta onse m'botolo. Anaona kuti awiriwa wina ali ndi kiyi, wina ndi mwini njinga, iye yekha ndiye wopanda chogwira. Botolo analibisa pa udzu. Atamufunsa kuti udzu uti, anayang'ana uku ndi uku. Kuseri kwa zimbudzi za sukulu udzu ndi wofanana wonse.

Makolo sanathamange n'komwe. Anafika akuyenda, anawazungulira, n'kuima kaye kumvetsera, chifukwa mkanganowo unali wokoma. Dyton ankati gulu lopanda mwambo ngati ili sanalionepo. Mabuleki ankati injiniya wa makwerero. Netiweki anali chogwada, akupapasa mu udzu. Bambo wina anafuna kuyamba kuwaphika makofi, koma a Abdulrazak anati iyayi, ana akuona, ndipo anthu awa adzimenya kale okha. Anawamanga ndi chingwe choyezera maziko, onse atatu chingwe chimodzi, n'kuwakhazika pa mulu wa mchenga kudikira galimoto ya apolisi. Ngakhale pamenepo sanathe kukhala mbali imodzi. Wina akakokera kumthunzi, wina ankakokera kwina, mpaka onse anapsa ndi dzuwa.

Ali m'chitokosi pa Balaka, Dyton anayamba kudzilimbitsa mtima. Rivirivi ndi kutali ndi Ulongwe. Malita foni yake ndi yamabatani. Akhoza kutumiza uthenga kuti ganyu ya ku baraji yamutengera ku Mangochi miyezi ingapo. Sanadziwe kuti mmodzi wa makolo aja anajambula sipika ija pafoni, ndipo pofika madzulo mawu ake anali akulira m'maminibasi onse a msewu wa Liwonde. Makondakitala ankati akafuna kunyamuka, ankauza dalaivala kuti tiwoloke kaye. Malita anazimva ali pa benchi lake la tomato, kuchokera pa foni ya kasitomala amene sankadziwa n'komwe kuti Malita wotchulidwayo ndi amene akumuyezera mulu.

Anafika kupolisi m'mawa mwake atavala chitenje cha ku tchalitchi. Sanatenge chakudya. Anabwera ndi a Yasini, amalume ake a Dyton, amene anali nkhoswe ya banjalo, ndipo nkhope ya a Yasini inkaoneka ngati ya munthu amene wakokedwa pa mphasa asanasukusule. Dyton atawaona pa kauntala anayamba kulankhula mofulumira. Anati ndi satana, anati ndi anzake oipa, anati kwenikweni palibe chomwe chabedwa, afunse apolisi, matabuleti onse makumi awiri ali pasukulu. Mlandu wa chinthu chosabedwa ndi mlandu wanji?

Malita anamusiya mpaka mpweya unamuthera. Kenako analankhula mosakweza mawu, ngati akutchula mtengo wa tomato.

"Bambo a Favour, za mbuzi ndinapirira. Za batire ndinapirira. Pano mwakabera ana a msinkhu wa mwana wanu, ndipo dziko lonse lamva kuti mutu wanga ndi tomato. Tomato yemweyo ndi amene mwakhala mukudya zaka zisanu ndi ziwiri. A Yasini ndabwera nawo kuti amve okha, ndisadzavutike kufotokoza. Mukatuluka muno musadzatsike pa Ulongwe."

A Yasini anangogwedeza mutu. Ntchito ya nkhoswe ndi kupepesa, koma nawonso anali atamva sipika ija kawiri mu minibasi pobwera, ndipo mawu opepesera anawasowa.

Dyton anayang'ana pansi. Apa ndiye panali poti munthu agwade, alire, atchule mwana, mwina mtima wa mayi n'kufewa pang'ono. Malita mwiniyo anachedwa dala pomanga chitenje, kumupatsa mpata. Wapolisi wa pa kauntala anasiya kulemba. Dyton anakweza mutu, maso ali ndi misozi yeniyeni.

"Mayi a Favour, chimodzi chokha mundimvetse," anatero. "Bwato lija tikanawoloka. Ndi Mabuleki amapalasa chobwerera."

Kuchokera m'chitokosi munamveka mawu a Mabuleki akuti bodza, iye agogo ake anali asodzi. Netiweki naye analowerera. Malita anamanga chitenje chake bwinobwino, anatsanzika wapolisi, n'kutuluka kukakwera minibasi, poopa kuti tomato angamuwolere.